Chigalimoto chili kuseli kwa khola kwa malume, kodi ndi Jeep ya nkhondo?

Mphwake wa ku Ntcheu: Akuluakulu muli bwanji pagulu pano, ndithandizeniko nzeru. Ndabwera kumudzi kudzaona malume ndiye kuseli kwa khola la mbuzi kuli chigalimoto chinachake chakhala pamenepo chiyambire ine ndili mwana, matayala anatha kalekale chinakhazikidwa pa njerwa, nkhuku zimaikira mazira pansi pa mpando. Malume akuti ndi Jeep ya pa nkhondo ya Hitler, akuti anagula kwa mzungu wina wa ku esiteti m'ma 80. Nde kwabwera mkulu wogula zitsulo ndi sikelo yake akufuna atenge pa kilo, ine ndawauza malume kuti dikirani kaye ndifunse anthu. Chilibe zitseko, galasi lakutsogolo limagona pa boneti, ndi chachifupi ngati ngolo ya ng'ombe. Chingakhaledi cha nkhondo? Ndipo ngati ndi choncho si ndalama zimenezi?

Wa ku Joni: Musagulitse pa kilo man!! Kuno azungu amazisaka zimenezo, amazikonza n'kumayenda nazo Lamulungu atavala zipewa za asilikali

Landirova Basi: kkkkk imeneyo ndi Land Rover aise, kumudzi galimoto iliyonse yopanda denga amati Jeep. Agogo anga ngakhale thirakitala ankati Jeep

Makaniko Wakale: Osakangana. Mphwanga, tenga maginito, ngakhale a mu sipika ya wailesi yakufa, ukaike pa thupi lake chakumbali. Akamata ndi chitsulo, akagwa ndi aluminiyamu ndiye kuti ndi Land Rover. Ukatero uwerenge mipata ya kutsogolo kuja kolowera mphepo, undiuze ilipo ingati. Uonenso chiwongolero chili mbali iti.

Mphwake wa ku Ntcheu: Chabwino madala, kwada kale ndikaona mawa kukacha

Aphunzitsi Opuma: Podikira kuti kuche ndiloleni ndikambeko mbiri yake, poti ambiri timangoti Jeep Jeep koma amene anaiyambitsa sitimudziwa, ndipo nkhani yake ndi yomvetsa chisoni pang'ono. Mu 1940, Germany itagonjetsa France, asilikali a ku America anaona kuti nkhondo ikubwera ndipo akavalo ndi njinga zamoto sizithandiza. Ankafuna kagalimoto kakang'ono kokoka ndi mawilo onse anayi, konyamula anthu atatu ndi mfuti, kopepuka makilo 590 okha. Anatumiza makalata ku makampani 135 kuti amene angathe abweretse chitsanzo m'masiku 49. Tangoganizani, masiku 49, galimoto yoti sinakhalepo. Amene anayankha anali awiri okha, American Bantam ya ku Butler ku Pennsylvania ndi Willys-Overland ya ku Toledo ku Ohio. Willys inapempha kuti aiwonjezere masiku. Bantam, kakampani koti kanali pafupi kutsekedwa chifukwa timagalimoto take sitinkagulidwa, inati ife tichita. Anaitana injiniya wina wa ku Detroit dzina lake Karl Probst, anajambula mapulani m'masiku owerengeka, anyamata n'kuyamba kusula usana ndi usiku, ndipo pa 23 September 1940 anaiyendetsa okha pamsewu kuchokera ku Butler mpaka ku Camp Holabird ku Maryland, kufika tsiku lomaliza lenilenilo.

Nambewe: Ndiye chisonicho chili pati aphunzitsi, si anapambana?

Aphunzitsi Opuma: Dekhani mayi. Asilikali anaiyesa, kuigwetsa m'maenje, kuilowetsa m'matope, anaikonda. Koma anati Bantam ndi yaing'ono singathe kupanga zambiri msanga. Ndiye anatenga mapulani aja n'kuwaonetsa a Willys ndi a Ford, ati ndi katundu wa boma. Awiriwa anabweretsa zawo, Willys yake ankaitcha Quad, Ford yake Pygmy. Boma linaoda 1,500 kwa aliyense mwa atatuwo kuti liyese bwino, kenako mu July 1941 kontirakiti yaikulu ya 16,000 inapita kwa Willys. Bantam yonse inathera pa magalimoto osakwana 3,000, nkhondo yonse inakhalira makamaka kupanga tingolo tokokedwa kumbuyo kwa Jeep yomwe inayambitsa yokha.

Wa ku Joni: Eish. Wolima wina wodya wina. Zimenezi ndimaona ngati n'zakwathu kokha

Nambewe: Ine zandiwawa ngati ndine mwini kampaniyo. Kupanga ngolo ya galimoto yako yomwe!

Makaniko Wakale: Koma aphunzitsi tinene chilungamo, Willys sinangopatsidwa chifukwa cha ukulu. Injini. Anali ndi injini ija ankaiti Go Devil, ma silinda anayi, malita 2.2, mphamvu ya akavalo 60 pamene anzawo anali m'ma 40. Injiniya wawo Barney Roos anatenga injini yakale yomwe inkavuta n'kuikonza mpaka inasiya kufa. Vuto linali loti inali yolemera, moti nkhani ya makilo 590 ija aliyense anaona kuti n'zosatheka, anakweza malire kufika 980, komabe a Willys anachita kudula mabawuti otalika ndi kuchepetsa penti kuti ikwane pa sikelo. Ine injini ya mtundu umenewu ndinaitsegulapo kamodzi ndili wophunzira ntchito, mavavu ali m'mbali mwa buloko, hedi yake ndi chitsulo chafulati chabe ngati chivundikiro cha mphika, mumangoona mapulagi anayi ali ndondondo pamwamba. Sipanala zitatu ndi sikuludiraiva wamaliza. Za lerozi ukatsegula boneti umapeza pulasitiki ndi mawaya, mpaka uitane mwana wa laputopu akuuze chimene chikudwala.

Landirova Basi: Apa madala mwanena zoona, za lero ndi ma foni a matayala

Mlongo wa ku Leeds: Ine ndinazionapo kuno pa chionetsero cha magalimoto akale chilimwe chathachi, mwamuna wanga ndi amene anandikakamiza kupita. Chimene chinandidabwitsa ndi kuchepa kwake, pa TV imaoneka yaikulu koma kuima pafupi boneti imandifika m'chiuno. Mdala wina mwini wake anandilola kukhalamo, mpando wake ndi kansalu kopyapyala pa chitsulo, ndiye akundiuza kuti mayi mwakhalira thanki ya petulo. Ndinadzuka msanga kkkk. Akuti pothira mafuta umachita kutukula khushoni. Ma waipa ake ndi opukusa ndi dzanja, woyendetsa dzanja limodzi pa chiwongolero lina akupukuta galasi. Anandionetsanso nyali zakutsogolo, umamasula kanati kamodzi n'kuitembenuza kuti iwunikire injini ukamakonza usiku. Chimenecho ndiye ndinachikonda, munthu amene anaganiza zimenezo anafapo ndi galimoto mumdima ndithu.

Makaniko Wakale: Eya mlongo, ndipo mbali ya dalaivala kuli malo omangirira fosholo ndi nkhwangwa. Ankadziwiratu kuti ititimira ndipo udzafunika kukumba ndi kudula mitengo. Mukanayang'ananso mitu ya mabawuti. Willys italephera kukwanitsa yokha, boma linauza Ford kuti izipanga yomweyo ndendende, ya Willys ankaiti MB ya Ford GPW, zipangizo zimalowana. Koma a Ford ankadinda chilembo F pa chilichonse mpaka pa bawuti. Osonkhanitsa magalimoto akale amachita kuyenda ndi tochi kusaka ka F kameneko.

Nambewe: Zinapangidwa zingati zonse?

Aphunzitsi Opuma: Pofika 1945 zinali pafupifupi 640,000. Willys cha m'ma 360,000, Ford cha m'ma 280,000. Ndipo sizinali za Amerika okha, anapatsa Britain, ndipo Soviet Union inalandira cha m'ma 50,000. A Germany anali ndi yawo ya Volkswagen, Kübelwagen, koma imeneyo inkakoka ndi mawilo akumbuyo okha ndipo anapanga cha m'ma 50,000 basi. Ndiye muone kusiyana kwake, apa pali khumi apa pali imodzi.

Wa ku Joni: Dzina loti Jeep ndinamva kuti ndi GP, general purpose, akamatchula mothamanga jii pii jiip

Aphunzitsi Opuma: Ambiri amatero koma pa mapepala a Ford G ankaimira boma ndipo P chinali chizindikiro cha kutalika kwa pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo, mainchesi 80. Mawu oti jeep analipo kale m'kamwa mwa asilikali, ankatchulira msilikali watsopano kapena makina atsopano osayesedwa. Kunalinso kanyama ka mu katuni ya Popeye kotchedwa Eugene the Jeep, kanatuluka mu 1936, kankatha kudutsa paliponse. Limene linafalitsa dzinali ndi tsiku lina mu February 1941 pamene dalaivala wa Willys, Red Hausmann, anakwera nayo masitepe a nyumba ya malamulo ku Washington atolankhani akuona, atamufunsa kuti ichi n'chiyani iye anati ndi jeep, n'kutuluka mu nyuzipepala. Pambuyo pake Willys inayamba kulengeza ngati kuti inayambitsa yokha, bungwe la boma loona zamalonda linawaletsa mu 1948 kunena zimenezo, koma mu 1950 dzinalo analembetsabe kukhala lawo.

Nambewe: Bantam yaluzanso kachiwiri. Ine ndikagona

Mdzukulu wa Msilikali: Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi yandikumbutsa agogo anga aamuna, Mulungu awuse mzimu wawo. Anali a KAR, King's African Rifles, asilikali akuda a pansi pa Britain aja, anapita ku Burma mu 1944 ndi gulu lija la 11th East African Division. Tili ana tikakhala pamoto madzulo sankakonda kukamba za kuwomberana, ankangokamba za mvula ndi matope a ku chigwa cha Kabaw, akuti mvula ya kumeneko ya kwathu kuno ndi mame. Ndiye ankati malole akuluakulu onse anakanika, kotsala kanali ka jipi, iwo ankatchula choncho, ndi nyulu. Akuti kakatitimira ankatsika anthu asanu ndi mmodzi n'kukanyamula kumbuyo ngati akunyamula bedi, kuika pouma, ulendo. Iwowo malungo atawagwira anawagoneka pa machira omangidwa pamwamba pa ka jipi, akuti kudumpha kwake ankalakalaka akanangoyenda pansi. Mpaka kumwalira kwawo akaona galimoto yapamwamba itatitimira pa msewu wa kumudzi ankaseka n'kumati imeneyo ndi ya tauni, bweretsani jipi.

Mlongo wa ku Leeds: Ndawerenga kawiri. Madala amenewo anaona zinthu, ndipo ambiri anabwerako osapatsidwa kanthu kooneka

Mdzukulu wa Msilikali: Mamendulo ndi jasi basi mlongo. Jasiyo tinafunda ife mpaka kutha

Aphunzitsi Opuma: Zikomo achimwene potikumbutsa. Ku Africa kuno inagwiranso ntchito kumpoto ku chipululu. Gulu lapadera la asilikali a Britain lotchedwa SAS, lotsogozedwa ndi David Stirling, linkatenga ma Jeep n'kuchotsa zosafunika zonse, kumangirira mfuti za Vickers ndi zigubu za petulo ndi madzi mbali zonse. Mu July 1942 analowa usiku pa bwalo la ndege la Sidi Haneish ku Egypt ndi ma Jeep 18, kuyenda pakati pa ndege za Germany akuwombera, anawononga zoposa 30 n'kubwerera m'chipululu. Ndipo zigubu zachitsulo zija timati jerekani ndi nzeru za a Germany, a Britain anachita kutola n'kukopera chifukwa zitini zawo zinkadontha. Jerry linali dzina lonyoza Mjeremani.

Landirova Basi: Zonsezi n'zabwino koma kuno kwathu amene anagwira ntchito ndi Land Rover. Apolisi Land Rover, a DC Land Rover, ambulansi ya ku mishoni Land Rover, a zaulimi Land Rover. Jeep munaionapo kuti inu? Mwana aliyense wa m'ma 70 akamva kulira kwa Land Rover ankadziwa kuti boma lafika, ena kuthawira kuchimanga

Makaniko Wakale: Aise, Land Rover yakoyo ndi mwana wa Jeep, funsa aphunzitsi

Landirova Basi: Bodza madala

Aphunzitsi Opuma: Si bodza. Maurice Wilks, mkulu wa mainjiniya ku Rover, anali ndi Jeep yotsala ku nkhondo pa famu yake ku Anglesey ku Wales, ankalimira ndi kukokera zinthu. Itayamba kutha anaona kuti palibe ina yolowa m'malo, ndiye iye ndi mkulu wake Spencer anati tipange yathu. Yoyamba ya 1947 anaimanga pa chasisi ya Jeep yeniyeni, chiwongolero chili pakati ngati thirakitala. Inaonetsedwa ku Amsterdam pa 30 April 1948, ndipo kutalika kwa pakati pa mawilo kunali mainchesi 80, chimodzimodzi Jeep. Aluminiyamu amene mumanyadirayo sichinali chifukwa cha nzeru zoopa dzimbiri, chitsulo chinali chosowa ku Britain nkhondo itatha, boma linkachita kugawa, pamene aluminiyamu analipo wambiri poti ndege zankhondo anali atasiya kupanga.

Landirova Basi: Chabwino koma mwana anaposa bambo ake

Wa ku Joni: Ndipo mdzukulu Land Cruiser anadzaposa onse kkkk, pita ku ma NGO ukaone ngati upeza Land Rover

Makaniko Wakale: Ameneyonso ndi wa banja lomwelo. Toyota yoyamba ya 1951 ankaitcha Toyota Jeep BJ, a Willys atadandaula za dzina ndi pamene anasintha kukhala Land Cruiser mu 1954. Mahindra ku India inayamba ndi kulumikiza ma Jeep a Willys. Ku France Hotchkiss anapanga pa laisensi, ku Japan Mitsubishi nayenso, iyeyo kuyambira 1953 mpaka 1998. Ku Philippines anatenga zosiyidwa ndi asilikali n'kuzitalikitsa kumbuyo kukhala ma minibasi awo aja amati jeepney. Nde ukaona chigalimoto chooneka ngati Jeep usathamangire kunena kuti chinamenya nkhondo, abale ake ndi ambiri.

Nambewe: Ndadzuka. Nanga asilikali a Amerika anasiya liti kuigwiritsa ntchito, poti pa nkhani timangoona zigalimoto zazikulu zija zotambalala

Aphunzitsi Opuma: Inapitirira mayi. Ku nkhondo ya Korea kunali M38 kenako M38A1, ku Vietnam kunali M151 yopangidwa ndi Ford. Imeneyo inali ndi mbiri yoipa yogubuduzika pokhota mothamanga chifukwa cha mmene mawilo akumbuyo anamangidwira, moti zitatha ntchito boma linkazidula kaye lisanagulitse kuti anthu wamba asayende nazo. M'ma 80 ndi pamene Humvee, yotambalala mukunenayo, inalowa m'malo. Dzina la Jeep lokha ndiye layenda m'manja ambiri, Kaiser 1953, American Motors 1970, Chrysler 1987, pano lili pansi pa Stellantis.

Mphwake wa ku Ntcheu: Mwadzuka bwanji nonse. Ndapita ndi maginito. Amata madala, mbali zonse

Landirova Basi: Aaa

Wa ku Joni: Ndinanena ine!! Mwalemera man, musaiwale gulu

Makaniko Wakale: Dekhani. Mipata ija ilipo ingati? Chiwongolero?

Mphwake wa ku Ntcheu: Mipata 7. Chiwongolero chili kumanja ngati galimoto zathu zomwezi. Nyali ndi zazikulu zili kunja, imodzi inasweka munamanga mavu andiluma pa khutu. Kumbuyo kuli kachitseko kotsekula kogwera pansi

Makaniko Wakale: Basi mphwanga, imeneyo Hitler sinamuone. Ya nkhondo mipata ndi 9, nyali zing'onozing'ono zobisala mkati, chiwongolero kumanzere, ndipo kumbuyo kulibe chitseko, ndi chitsulo chathunthu pomangirira sipeya ndi jerekani. Mipata 7 ndi kachitseko zinayamba ndi CJ-2A ya 1945, imene ankagulitsa kwa alimi nkhondo itatha. Tandiuza boneti, ndi yafulati yotsika kapena yatukuka ngati chipumi?

Mphwake wa ku Ntcheu: Yatukuka kwambiri, ikuoneka ngati yatupa

Makaniko Wakale: Ndiye ndi mtundu wa CJ-3B, unayamba 1953, anakweza boneti kuti injini yatsopano yaitali ikwane. Chiwongolero kumanja ndiye ndikukayikira India kapena Japan. Tenga mpeni upale penti pamwamba pa mipata ija pakatikati, uonenso ngati kachitsulo ka manambala kakadalipo mkati mwa boneti kapena pa dashibodi.

Mphwake wa ku Ntcheu: Ndapala. Pansi pa penti yobiriwira pali ina yoyera, pansi pake patuluka ma dayamondi atatu

Landirova Basi: KKKKKKK Mitsubishi!! Jeep ya Hitler yochokera ku Japan

Nambewe: Mzungu wa ku esiteti uja anawadyera malume mochenjera

Mphwake wa ku Ntcheu: Ndawauza malume akuti inu ana a pa foni simudziwa kanthu, penti yobiriwirayo ndi ya asilikali. Mayi akuti anapaka okha malumewo mu 1991 ndi penti yotsala pa mawindo a tchalitchi

Mlongo wa ku Leeds: Ndaseka mpaka ana andifunsa kuti mami chavuta n'chiyani

Wa ku Joni: Komabe pa kilo ayi. Ngakhale ya Mitsubishi ilipo anthu oifuna

Makaniko Wakale: Zoona, wa sikeloyo umuuze apite. Chofunika ndi chasisi, gwada uone pansi, ugogode ndi hamala makamaka pomwe pamangidwa masipuring'i, pakalira ngwee ndi bwino, pakangoti phu n'kugwa dzimbiri ndiye vuto. Uchotse mapulagi kapena ma injekita ngati ndi ya dizilo, uthiremo dizilo pang'ono m'mabowomo, isiye sabata, kenako uyese kupukusa injini ndi sipanala pa pule yakutsogolo. Osalimbana nayo ndi batire ayi uthyola ma ring'i. Ikatembenuka undiimbire, ndili ndi mnyamata amapita ku Ntcheu kukatenga mbatata Lachisanu lililonse, akhoza kudzaiona.

Mphwake wa ku Ntcheu: Ndamva madala. Koma pali vuto lina, pansi pa mpando pali nkhuku ikufungatira mazira 11, mayi akuti aliyense wogwira galimotoyo asanaswe athana naye

Makaniko Wakale: Masiku 21 si ambiri, yadikira zaka 30. Thira dizilo uja kaye